Ndatsalira propina, kadera ikundikanika, ndipo anzanga akusonkha ya aphunzitsi

Funso

Amayi, ndine mtsikana wa zaka 21, kwathu ndi ku Dómuè m'boma la Angónia. Ndili chaka chachiwiri pa sukulu ina ya ukachenjede mumzinda wa Tete. Ndimaphunzira madzulo chifukwa malo a masana sindinawapeze, choncho propina, ndalama ya sukulu, ndimalipira mwezi ndi mwezi. Bambo amalima fodya ndi soya, koma chaka chino zawavuta ndipo ndatsalira miyezi iwiri. Ndinakongola 5,000 meticais kwa munthu wa katapila, amafuna 1,500 ya pamwamba mwezi uliwonse, ndipo BI yanga, chitupa changa cha unzika, ali nayo iyeyo. Pa kadera (phunziro) ina, mayeso oyamba ndinapeza 7 pa 20. Shefi wa turma, mtsogoleri wa kalasi yathu, akuti aliyense asonkhe 1,000 kuti tithokoze aphunzitsi a kaderayo, ndipo wosasonkha adziwonera yekha. Aphunzitsiwo anandiuza kuti ngati ndalama ndilibe ndikawaone pandekha Loweruka. Palinso mnyamata amene amalembera anthu ntchito za m'kalasi pamtengo. Makolo sindinawauze kanthu. Ndisonkhe, kapena ndingosiya sukulu ndibwerere kumudzi?

Yankho

Mwana wanga, ndiyamba ndi zimene sizingadikire mawa. Loweruka usapite. Ndalama yothokozerayo usapereke. Sukulu usasiye.

Ndaphunzitsa ana a msinkhu wako kuno ku Tete kwa zaka zambiri, ndipo nkhani za ophunzira zikamakambidwa ndakhala ndikukhalapo. Mwana kawirikawiri sagwa ndi vuto limodzi. Amagwa chifukwa mavuto angapo amugwira nthawi imodzi iye ali duu, ndipo anthu amene amabwera ndi thandizo pa nthawi yotero amabwera mobisa: wa katapila, wolembera anzake, wosonkhetsa, mphunzitsi wa Loweruka. Onsewa akudalira kuti iwe suuza munthu. Koma vuto lililonse limene walemba lili ndi ofesi yake kapena munthu wake woti umufikire poyera, ndipo sabata ino uyenera kuwafikira, pepala lili m'manja.

Nkhani ya Loweruka ndi imene yandipweteka mtima. Mphunzitsi wofuna kuthandiza wophunzira amamuthandiza pa sukulu, nthawi ya ntchito, chitseko chili chotsegula, ndipo sayamba wafunsa ngati mwanayo ali ndi ndalama. Tanthauzo la mawu awo ukulidziwa, n'chifukwa chake wandilembera. Usadzifunse ngati unavala molakwika kapena unawasekerera mopitirira. Wolakwa ndi iwowo, ndipo malamulo a milandu a Mozambique amaona kuti kugwiritsa ntchito udindo pofuna kukakamiza munthu zogonana ndi mlandu.

Ngati anakulembera pa foni, jambula uthengawo ndipo uutumize ku imelo yako kapena kwa munthu amene umamukhulupirira, poti foni zimabedwa ndipo mauthenga a pa WhatsApp amafufutika. Ngati analankhula pakamwa, lemba m'kope tsiku, nthawi, malo, mawu awo enieni ndi amene anali pafupi. Akakufunsanso, usawatukwane ndipo usawalonjeze kanthu. Ayankhe polemba, mwaulemu: “Aphunzitsi, ndikupempha kuti mundifotokozere mayeso anga pa sukulu, nthawi ya ntchito. Ndibwera ndi mnzanga.” Uthenga wotere sunyoza munthu, koma amene akuuwerenga amadziwa kuti mtsikanayu akusunga mboni, ndipo ambiri amabwerera pomwepo.

Akapitiriza, yambira kwa mphunzitsi wamkazi amene umamuona kuti ngwoongoka, akuperekeze kwa direkita wa kosi kapena kwa mkulu woyang'anira maphunziro. Kudandaula kwako kukhale kolemba, mapepala awiri, limodzi alidinde n'kukubwezera. Kunja kwa sukulu kuli Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência, ofesi ya ku polisi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, kuli Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, ndipo nkhani za ziphuphu zimafufuzidwa ndi Gabinete Central de Combate à Corrupção. Lamulo nambala 15/2012 linakhazikitsidwa kuti liteteze odandaula ndi mboni, ndipo bungwe la boma la IPAJ limapereka thandizo la zamalamulo kwa anthu opanda ndalama ya loya. Sindikunamiza kuti kudandaula n'kophweka. Mphunzitsi ali ndi anzake pa sukulupo, iwe ndiwe mwana wobwera. N'chifukwa chake ndikuti funsa mwakachetechete atsikana a chaka chachitatu ndi chachinayi. Munthu wa khalidwe lotere sayambira pa iwe, ndipo makalata atatu ofotokoza mawu ofanana savuta kuwakhulupirira.

Za kusonkha zija, ophunzira ambiri amaganiza kuti mlandu ndi wa wolandira yekha. Ayi. Pa lamulo, wopereka chiphuphu nayenso ndi wolakwa. Mndandanda wa mayina umene shefi wa turma akulemba, ndi ndalama zimene anzako akutumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, ndi umboni umene akudzikonzera okha. Komanso si nthawi zonse pamene ndalamayo imafika kwa mphunzitsi. Ndaonapo turma ikusonkha, wosonkhetsa n'kudya, mphunzitsi osadziwa n'komwe, mndandanda wa zotsatira za mayeso n'kutuluka anthu atalephera ndithu, ndipo palibe amene akanakadandaula poti aliyense anali m'katimo. Ikafikadi kwa mphunzitsi n'zoipa kwambiri, chifukwa turma imene yagula kamodzi imadziwika, ndipo semesita yotsatira mtengo umakwera. Kwa shefi wa turma sukufunika kulalikira. Muuze zoona: “Ine ndili ndi ngongole ya propina, ndilibe.” Ukanena kawiri katatu osakweza mawu adzakusiya, ndipo udzadabwa kuti pali ena amene ankangodikira kuti wina ayambe kukana.

Mantha ako ndi akuti akulepheretsa dala. Mantha amenewa ndi oona, ndipo chishango chako ndi mapepala. Sukulu iliyonse ya ukachenjede ili ndi buku la malamulo a kaphunzitsidwe, Regulamento Pedagógico. Ophunzira ambiri amamaliza zaka zinayi osalitsegula. Iwe ulipeze sabata ino, ku sekeretariya, ofesi ya zolembalemba ya sukulu, kapena pa tsamba la sukulu la pa intaneti, ndipo uwerenge mbali ya mayeso. Mmenemo mumalembedwa ufulu wako woona pepala lako litachongedwa, ndi wopempha kuti lichongedwenso ndi aphunzitsi ena. Nthawi yopemphera imakhala yochepa kwambiri, masiku owerengeka manota, zotsatira za mayeso, atangotuluka, moti wochedwa wataya. Choncho usajombe kalasi ya mphunzitsi ameneyu, saina pepala la obwera nthawi zonse, sunga mayeso ako onse ochongedwa, ndipo ntchito ukamapereka uzisunga kope lake ndi tsiku limene wapereka. Kulepheretsa mwana amene ali ndi zonsezi m'manja n'kovuta, chifukwa pepala likapita kwa ochonga ena mphunzitsi ndiye amayamba kufunsidwa.

Tsopano 7 uja. Pa manota 20, kukhoza kumayambira pa 10. Ngati mayeso ali awiri olemera mofanana, ukufunika 13 pa achiwiri kuti uloledwe kulemba mayeso omaliza. Ngati palinso ntchito yolemba kunyumba yolemera chimodzimodzi, ndipo iwe n'kupezapo 14, ndiye kuti 9 pa mayeso achiwiri akukwanira. Kawerengedwe kenikeni kali m'ndondomeko ya kaderayo imene mphunzitsi amapereka poyamba semesita. Itenge uwerengetsere wekha. Ukafika pa mayeso omaliza n'kulephera, sukulu zambiri zimapereka mwayi wa rekorensiya, kulembanso mayeso omalizawo, pa ndalama yochepa poyerekeza ndi kubwereza kadera yonse. Uonenso ngati kadera imeneyi imatsekereza ina ya chaka chamawa, chifukwa ikakhala yotero ndi imene uyenera kuipatsa nthawi yambiri kuposa zinzake. Ndipo ngakhale itakukanika ndithu, kubwereza kadera imodzi ndi zinthu zochitika, ambiri amene lero ndi anamwino, aphunzitsi ndi akatswiri a migodi ku Moatize anadutsamo.

Funso limene ndikufuna ulifunse ndi lakuti 7 ameneyu anachokera kuti. Tenga pepalalo ulione bwino. Ndikukayika ngati vuto ndi nzeru, popeza munthu wochokera ku Dómuè n'kufika chaka chachiwiri wadutsa kale sefa zambiri. Kwa ana ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, vuto ndi Chipwitikizi, ndipo amachita manyazi kuvomera. Kunyumba unakula ndi Chichewa, pamsika wa Kwachena umamva Chinyungwe, m'kalasi zonse ndi Chipwitikizi, ndipo mabuku ena ndi a Chingelezi. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho sakwana mmodzi mwa asanu alionse m'dziko muno. Maphunziro a ziyankhulo ziwiri anayamba mu 2003, Chinyanja chili m'gulumo, koma anayambira m'sukulu zochepa ndipo ndi a makalasi oyambirira okha. Ambirinu munaphunzira kuloweza ziganizo za Chipwitikizi musanaphunzire kuganiza m'Chipwitikizi. Ku sekondale kuloweza kumapulumutsa. Kuno ayi, chifukwa funso limati yerekeza zinthu ziwiri, kapena perekapo zifukwa, mwana n'kulemba tanthauzo limene analoweza, lolondola ndithu, koma losayankha funso. Ndikamachonga ndimaona mapepala otere ambiri, ndipo zimandimvetsa chisoni poti ndimadziwa kuti mwanayo anawerenga usiku wonse.

Njira imene ndaona ikuthandiza ndi iyi. Pezani anzanu atatu kapena anayi, osapitirira pamenepo, poti gulu lalikulu limasanduka macheza. Aliyense atenge mutu umodzi aufotokozere anzake m'Chichewa, buku litatsekedwa. Pamene wakakamira pofotokoza m'chiyankhulo chako ndi pamene sunamvetse, ndipo udziwa pobwerera. Mukatero aliyense alembe theka la tsamba m'Chipwitikizi pa mutu womwewo, osayang'ana kope, kenako musinthane muchongerane. Mawu a kosi yanu musawamasulire, aphunzireni momwe alili, koma mfundo yake izikhazikika kaye m'chiyankhulo cha kwanu. Funani mapepala a mayeso a zaka zapitazo kwa amene ali patsogolo panu ndipo muziwayankha mutatchera nthawi. Pa mayeso, usanalembe kanthu, dula mzere pansi pa mawu amene akukuuza chochita m'funsomo. Ndipo leka kudalira zithunzi za bolodi zimene zadzaza m'foni. Chithunzi chimapatsa munthu mtima woti nkhani ali nayo pamene sanaiwerenge. Kopera ndi dzanja tsiku lomwelo.

Nthawi yowerengera uisankhe mogwirizana ndi Tete. Wazolowera mphepo ya ku Angónia, koma kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata masana mutu sugwira. Poti makalasi ako ndi a madzulo, m'bandakucha ndi m'mawa ndiyo nthawi yako. Laibulale ya pa sukulu m'mawa imakhala ndi malo, magetsi ake sulipira, ndipo aphunzitsi ena amapezeka nthawi imeneyo kuti uwafunse.

Mnyamata wolembera anthu uja musiye. Ntchito imene akugulitsa kwa iwe wagulitsanso kwa anthu ena, wangosintha chikuto ndi dzina, ndipo zambiri amakopera pa intaneti kapena kuzitulutsa pa ChatGPT. Mphunzitsi safuna makina kuti adziwe. Mwana amene pa mayeso amavutika kulumikiza ziganizo ziwiri akabweretsa masamba khumi a Chipwitikizi chosalala, mafunso awiri okha pakamwa amakwanira. Chilango cha chinyengo chalembedwa m'buku la malamulo lija: kufufutidwa kwa ntchito, kulephera kadera, kuimitsidwa, mwinanso kuchotsedwa sukulu. Kwa iwe n'zoopsa kawiri, chifukwa ukhala utapereka kwa mphunzitsi wa Loweruka chingwe chokumangira, ndipo kudandaula kwako sikudzamvekanso. Ganiziranso za kumapeto kwa kosi, pamene udzaima pamaso pa aphunzitsi atatu kuteteza monografiya yako, ntchito yaikulu yolemba pomaliza kosi. Amene anazolowera kugula amafika pamenepo asakudziwa kulemba ngakhale mawu oyamba, ndipo amagulanso pa mtengo waukulu, n'kukanika kuyankha pa tsikulo makolo atabwera kuchokera kumudzi kudzaonerera. Makina a pa intaneti aja ukhoza kuwafunsa kuti akufotokozere mfundo imene sunaimve, kapena akuonetse pamene Chipwitikizi chako chapotoka. Koma asakulembere, ndipo buku lililonse limene akutchulira ulifufuze wekha, poti amapeka mayina a mabuku omwe kulibe.

Tibwere ku ndalama, kumene zonsezi zayambira.

Wophunzira akatsalira propina amayamba kuzemba sekeretariya, n'kumadutsa kuseri. Pamenepo multa, chindapusa cha kuchedwa kulipira, ikukwera, ndipo tsiku lina amangopeza dzina lake palibe pa mndandanda wa olemba mayeso. Pita wekha asanakuitane. Lemba kalata yopempha kwa direkita, yaifupi: dzina, nambala ya wophunzira, kosi, miyezi imene watsalira, chifukwa chake, ndi pempho loti uzilipira pang'onopang'ono, utatchula tsiku ndi ndalama imene ungakwanitse. Pemphanso kuti akuchotsere multa ndi kukulola kulemba mayeso. Ukapita ndi kandalama kochepa m'manja pempho limalemera. Sindikulonjeza kuti avomera zonse, koma ofesi imamvera mwana amene wabwera nthawi isanathe kusiyana ndi amene wabwera akulira m'mawa wa mayeso. Ndalama iliyonse ya sukulu uzilipira ku akaunti ya sukulu ndi kusunga risiti. Wantchito akakuuza kuti umupatse m'manja akakonzere, ukane.

Ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira funsa zinthu ziwiri. Choyamba, ngati sukulu ili ndi thandizo lochotsera kapena kuchepetsa propina kwa ana osauka. Chachiwiri, ngati n'zotheka kusamukira ku makalasi a masana chaka chamawa, chifukwa m'sukulu za boma a masana amalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi a madzulo, ndipo thandizo la maphunziro kawirikawiri limayamba ndi iwowo. Boma lili ndi Instituto de Bolsas de Estudo, ofesi yopereka bolsa (thandizo la ndalama za maphunziro), imene imalengeza poyera nthawi yofunsira. Mapepala ukonzeretu: BI, NUIT (nambala ya msonkho), chikalata cha manota ako, ndi chikalata chotsimikiza kuti banja ndi losauka, chimene chimayambira kwa akuluakulu a dera la kwanu. Ana a kumidzi amaluza mwayi umenewu chifukwa chilengezo chimawapeza alibe pepala limodzi, ndipo pepalalo lili ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia. Ukapita ku tchuthi ukatengeretu. Ndipo wina akakulembera pa Facebook kapena WhatsApp kuti ali ndi bolsa koma utumize kaye ndalama pa nambala yake, ameneyo ndi wakuba.

Katapila ndiye moto umene uyenera kuzimitsidwa msanga. Werengetsa: 1,500 pa 5,000 ndi 30 pa 100 iliyonse mwezi umodzi. Pakatha miyezi inayi udzakhala utapereka 6,000, ngongole ya 5,000 ili chilili. Chaka chikatha ndi 18,000. Palibe ganyu ya wophunzira imene ingathamange liwiro limenelo. Kukongoza ndalama pa chiwongoladzanja popanda chilolezo ndi mlandu m'dziko muno, ndipo munthuyo akudziwa, n'chifukwa chake amakonda ana amantha. BI ndi chikalata cha boma, si chikole, ndipo iwe ukuifuna pa mayeso, ku banki ndi pofunsira bolsa. Usapiteko wekha. Tenga munthu wamkulu, kaya malume ako ngati alipo mumzinda muno, kaya mkulu wa mpingo, kaya sekeretale wa bairo, mkulu wa dera limene ukukhala. Pamaso pa mboniyo mugwirizane polemba kuti chiwongoladzanja chaima, zimene wapereka kale ziwerengedwe, chotsala ubweza motani, ndipo BI ibwerere tsiku lomwelo. Ndalama imene unatenga ubweze ndithu, poti unaidya, ndipo ukapereka aliyense asaine. Akayamba kukuopseza kapena kukana ndi BI, nkhaniyo ndi ya ku polisi, ndipo iwe si amene uyenera kuopa kumeneko. Usakongole kwa wa katapila wina kuti utseke uyu. Usayesenso kubweza ndi kubetcha mpira kapena kandege ka pa foni. Ana amene ndawaona akutaya propina ya semesita yonse usiku umodzi onse anayamba ndi mtima woti angopezako yobwezera ngongole.

Chimene ukuchiopa kwambiri ndi kuuza makolo, ndipo ndi chimene ndikukukakamiza kwambiri. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Mudzi wonse unakuperekeza, amayi ako amatchulidwa kuti amake a dotolo, ndipo iwe ukuona ngati kunena kuti zavuta ndi kuwachititsa manyazi. Koma bambo ako ndi mlimi. Akudziwa chaka cha ng'amba, akudziwa ngongole ya feteleza. Chimene chingawaswe mtima ndi kumva mochedwa, ngongole itafika pa 20,000, kapena kumva kwa anthu. Ngati pakamwa pakulemera kuyamba ndi iwo, yamba ndi amayi kapena malume, monga mwa mwambo wathu, iwo akafikitse. Uwauze manambala enieni, osachepetsa. Za mphunzitsi uja uwauze amayi kapena azakhali, usasenze wekha. Mutu umodzi susenza denga.

Pokambirana ndi banja, muyang'ane kalendala. Vuto la ana a alimi ndi lakuti sukulu imafuna ndalama zambiri mu Febuluwale ndi Malichi, pa kulembetsa, nthawi imene kumudzi ndalama yonse ili m'munda ndipo nkhokwe zapepuka. Ndalama ya mlimi wa ku Angónia imabwera soya akakololedwa ndi fodya akayamba kugulitsidwa, kuyambira cha mu Epulo kupita m'tsogolo, ndipo ya fodya imabwera kampani itadulapo kale ngongole ya zipangizo. Choncho m'malo moti bambo azikutumizira pang'onopang'ono chaka chonse, pa nthawi yogulitsa alipiriretu miyezi ingapo ku akaunti ya sukulu, ndipo ya kulembetsa chaka chamawa aipatule nthawi yomweyo. Ndalama yokhala m'nyumba kumudzi siyifika Febuluwale: kuli maliro, kuli matenda, kuli abale. Masiku amene ukulonjeza m'kalata yako ya ku sekeretariya uwagwirizanitse ndi nthawi yogulitsayi, kuti usalonjeze zimene sungasunge.

Pamene ndalama palibe, kumudzi kuli chakudya. Thumba la ufa, nyemba ndi mbatatesi zikakwezedwa pa shapa (minibasi) ku Ulónguè, kudzera pa Mussacama, zimafika ku Tete tsiku lomwelo, ndipo zimakuchotsera gawo lalikulu la zogula za mwezi. Mbatatesi ndi nyemba za ku Angónia ndi Tsangano anthu a mumzinda muno amazifuna, moti thumba lowonjezera ukhoza kugulitsa kwa oyandikana nawo kapena kupikulitsa kwa amayi a pamsika. Ntchito ina yoyenera wophunzira ndi kuphunzitsa ana a sekondale kunyumba, makamaka masamu ndi sayansi kwa amene akukonzekera mayeso a kalasi 12. Makolo amalipira pa mwezi, ndipo iwe Chipwitikizi chako chimakula pofotokoza. Ntchito za m'mabala ndi zogulitsa mpaka usiku uzipewe, zimadya makalasi ako omwe. Chipinda gawanani awiri kapena atatu, magetsi a Credelec ndi makala muzisonkherana, muziphika mphika umodzi. Ngati n'kotheka khala mbali ya Zambezi imene kuli sukulu yako, chifukwa shapa yowoloka mlatho tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo njinga yamoto yobwerera usiku, imadya ndalama yambiri pa mwezi kuposa mmene anthu amaganizira. Kwa mwezi umodzi lemba chilichonse chimene wagula, ngakhale mayunitsi a foni. Xitique ya ophunzira, yosonkherana ndalama mosinthana, ndi yabwino pokhapokha aliyense ali ndi pomwe amapezera ndalama. Pakali pano iwe usalowemo.

Ndondomeko yake ikhale yotere: lero sunga mauthenga ndi kuyankha aphunzitsi aja polemba, mawa imbira kunyumba, kenako sekeretariya, kenako wa katapila uli ndi mboni. Zowerenga ziyambe m'mawa uno, poti mayeso achiwiri sadikira kuti ngongole ithe.

Wafunsa za kubwerera kumudzi. Zikhoza kuchitika kuti mwayesa zonse, sukulu yakana, banja lalephera. Zikatero pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuthawa ndi kuimitsa. Wongosowa osanena amalembedwa kuti walephera makadera onse a semesita, ndipo m'sukulu zambiri ngongole ya propina imapitirira kuwerengedwa ngati kuti akadali m'kalasi, moti akafuna kubwerera amapeza khoma. Woimitsa amalemba kalata yopempha kuimitsa kulembetsa kwake, m'nthawi imene malamulo a sukulu amalola, amasunga kope lodindidwa, ndipo amatenga chikalata cha manota a makadera onse amene wakhoza. Makadera amenewo amakhala ake. Atatha kukolola ndi kugulitsa amapempha kubwereranso, kapena amapita nawo ku sukulu ina kukapempha kuti awawerengere. Kwanu komweko ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya UniZambeze, ndipo mumzinda muno muli Instituto Superior Politécnico de Tete, UniPúnguè ndi Universidade Católica de Moçambique, malinga ndi kosi imene ukuchita. Usanasaine kalata yoimitsayo, funsa ku sekeretariya kuti malo ako adzakusungira nthawi yaitali bwanji, ndipo yankholo akupatse polemba.